Denga si malata okha

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, m'midzi ya m'boma la Mangochi mumamveka kulira kwa nyundo. Kuyambira kwa Makawa ndi ku Namiasi mpaka ku Monkey Bay, kuwolokera tsidya la ku Malindi ndi ku Namwera, mabanja amakhala ali kalikiliki kusasula udzu wakale kapena malata adzimbiri kuti mvula yoyamba iwapeze ali m'nyumba yosadontha. Iyi ndi ntchito yotamandika. Koma pofika Disembala, m'midzi yomweyo mumaoneka nyumba zofoleredwa theka: mbali ina malata onyezimira, mbali ina pepala lakuda lapulasitiki lopsinjidwa ndi njerwa. Eni nyumba zotere akafunsidwa, yankho limakhala limodzimodzi, lakuti ndalama zidathera panjira.

Anthu ameneŵa si osasamala ayi. Ambiri mwa iwo adasunga ndalama mwa nkhondo. Wina ndi msodzi amene adapatula kangachepe usipa utagwidwa bwino. Wina ndi mayi wogulitsa nsomba zouma amene amaponya masheya kubanki m'khonde sabata ndi sabata. Winanso ndi gogo amene mwana wake ali ku Joni ndipo amatumiza kena kake mwezi ukatha. Cholakwika chimakhala pa kaŵerengedwe. Munthu akaganiza zofolera nyumba, funso limene amadzifunsa ndi loti pakufunika malata angati. Amagula aŵiri lero, asanu mwezi wamaŵa, n'kumaunjika kuchipinda. Akakwana 30 kapena 40, amaitana kalipentala n'kunena kuti zonse zakonzeka. Zoona zake n'zakuti pamenepo wangogula gawo limodzi la denga, gawo looneka ndi maso a anthu odutsa mumsewu.

N'zosadabwitsa kuti anthu amaganiza chonchi. M'dziko muno malata adasanduka chizindikiro chakuti banja latukuka. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, ankakonda kutchula zinthu zitatu zimene ankafunira anthu ake: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha mvula ikamagwa. Mu 2014 boma la Professor Peter Mutharika lidayambitsa pologalamu yothandiza mabanja ovutika kumanga nyumba zabwino, ndipo anthu sadachedwe kuipatsa dzina lakuti ya malata ndi simenti. Ku Mangochi, mnyamata wobwera kuchokera ku South Africa amayesedwa ndi denga limene wafolerera mayi ake kapena mkazi wake. Palibe amene amatama munthu chifukwa cha misomali, waya kapena matabwa. Komatu n'zimenezi zimene zimadya ndalama zosayembekezereka, ndipo n'zomwezinso zimene zimagwira denga mphepo ikakalipa.

Vuto loyamba limaonekera tsiku losasula. Udzu umabisa zambiri. Ukangochotsedwa, pamapezeka kuti mapaso amene mwini nyumba ankadalira adadyedwa kale ndi chiswe, mwina kungotsala khungu lokha. Ngakhale mitengoyo ikhale yabwino, yambiri imakhala yokhota, pakuti udzu susankha mtengo. Malata amafuna mitengo yowongoka ndi yoyalidwa mofanana, apo ayi amapindika n'kumasunga madzi. Nayenso wochotsa malata akale amakumana ndi zomwezo: pamene pankadontha zaka zonsezi, thabwa la pansi pake lidaola. Apa kalipentala amatsika pamakwerero n'kunena kuti pafunika matabwa atsopano a mathirasi ndi a mapaso, zinthu zimene sizidali m'maganizo mwa wina aliyense.

Matabwa nawo adasiya kalekale kukhala katundu wotsika mtengo. Nkhalango ya Chikangawa kumpoto, imene idali nkhokwe ya matabwa a paini m'dziko muno, idaonongeka kwambiri chifukwa chodula mitengo mosabwezera ndi moto wolusa. Matabwa ambiri ogulitsidwa ku Mangochi amachokera kutali, ndipo mtengo wa ulendo wawo umagwera wogula. Ena amagulitsidwa akadali aŵisi, ndipo akauma ali padenga amapotoka n'kukoka misomali. Kuwonjezera apo, thabwa losapakidwa mankhwala a chiswe m'dera lotentha ngati la kunyanja limangokhala chakudya chosungira chiswe. Mankhwalawo ndi ndalama ina. Wofuna kupulumukira pa mitengo ya bulugamu apezanso kuti mitengo yokhwima ndi yowongoka siipezeka wamba monga kale.

Vuto lachiŵiri ndi khoma. Nyumba zambiri za m'midzi zidamangidwa ndi zidina kapena njerwa zootcha zolumikizidwa ndi matope. Denga likachoka, mizere ya pamwamba imapezeka itafumbutuka chifukwa cha kudontha kwa zaka zambiri. Pamwamba pa zitseko ndi mawindo pamapezeka ming'alu. Nyumba imene idali yaudzu imafunikanso kukwezedwa makoma a m'mbali kuti malata apeze potsetsereka. Zonsezi zikutanthauza njerwa, mchenga, simenti ndi mmisiri wachiŵiri, womanga, amene malipiro ake ndi apadera. M'mphepete mwa nyanja nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malaŵi adakwera kufika pamene sadafikepo kwa zaka zambiri, n'kuloŵa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Khoma limene lidaimapo m'madzi lingathe kuoneka labwinobwino kunja koma maziko ake atafooka. Kukhoma denga latsopano pa khoma lotere osayamba walikonza n'kutaya ndalama.

Vuto lachitatu ndi chiŵerengero cha malata eni akewo. Ambiri amayeza nyumba m'litali ndi m'lifupi n'kugaŵa ndi kukula kwa lata limodzi. Amaiŵala kuti malata amasanjikizana m'mbali ndi kumapeto kuti madzi asaloŵe, choncho lata lililonse limafunda malo ochepa kusiyana ndi kukula kwake. Amaiŵalanso kuti denga liyenera kutulukako kunja kwa khoma kuti mvula isamawombe njerwa. Ogula pang'onopang'ono amapezekanso kuti adasakaniza malata a mafiti osiyana kapena a mizere yosagwirizana chifukwa adagula m'masitolo osiyanasiyana. Pamwamba pa izi pali malata opinda otseka pamsana pa denga, misomali ya malata, misomali ya matabwa, waya womangira ndi matabwa otchinga m'mphepete. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono. Zikaphatikizidwa, thumba limabooka.

Kenaka pali mayendedwe. Wa pa Mangochi Boma akasoŵa misomali amangotuma mwana pa njinga. Wa ku Makanjira, kwa Katuli kapena ku Chembe akasoŵa malata anayi okha, ndiye kuti ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndalama ya matola kupita ndi kubwera, ndiponso ya katundu. Msewu wa ku Makanjira wakhala ukuliritsa anthu kwa zaka zambiri, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo eni galimoto amaŵerengera zimenezi polipiritsa. Pamene mafuta a galimoto asoŵa, monga zidachitikira chakumapeto kwa 2024, mitengo ya mayendedwe imakwera tsiku lomwelo. Banja limene silidaŵerengere zonse pachiyambi lingayende maulendo atatu kapena anayi pa katundu amene akadabwera ulendo umodzi.

Za malipiro a mmisiri nazo zadanitsa anthu ambiri. Mgwirizano umachitika pakamwa, pansi pa mtengo wa mango, popanda mboni kapena pepala. Mwini nyumba amamva kuti mtengo umene agwirizana ndi wa ntchito yonse. Kalipentala amamva kuti ndi wokhoma malata basi. Matabwa oola akatulukira, kalipentala amati kupanga mathirasi atsopano ndi ntchito ina. Nthaŵi zambiri amakhala akunena zoona, chifukwa naye sakadadziŵa zimene zidabisika. Koma panthaŵiyi nyumba ili pambalambanda, ana akugona kwa anansi, ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Mwini nyumba alibenso mphamvu yonenerera. Alipo amisiri ena, ngakhale si onse, amene amatchula mtengo wotsika dala pachiyambi podziŵa kuti denga likachoka palibe wowathamangitsa.

Kwa a m'matauni ndi m'malo a malonda palinso zina. Nyumba ya magetsi ikasasulidwa, mawaya akale amapezeka atadyedwa ndi makoswe kapena atauma n'kusweka, ndipo pamafunika mmisiri wa magetsi wovomerezeka. Siling'i yakale kaŵirikaŵiri siipulumuka. Nyumba zina zakale zidafoleredwa ndi asibesito, amene fumbi lake limawononga mapapo, motero kumuchotsa kumafuna kusamala, osati kumuswa ndi nyundo. Ngakhale wa kumudzi amene wachoka pa udzu kupita pa malata amadzazindikira m'mwezi wa Okutobala wotsatira kuti kutentha kwa ku Mangochi pansi pa lata lopanda siling'i n'kosapiririka. Amayamba kufuna mphasa, nsungwi kapena mabolodi oti atchinge, ndalama imene sadaiganizepo.

Pa zonsezi pawonjezereke kugwa kwa kwacha. Chitsulo chopangira malata ndi misomali chimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata dola. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa pafupifupi K1 180 kufika pa K1 700 pa dola imodzi. Masamu ake ndi osavuta. Munthu amene adali atasunga ndalama zokwanira malata 40 usiku wa chilengezocho, mitengo ikatsata dola ndendende, adatsala ndi ndalama zogulira malata pafupifupi 28 okha. Mtengo umene munthu wafunsa mu Julaye sungadaliridwe mu Novembala. Naye wa ku Joni amene adauzidwa mtengo miyezi itatu yapitayo amadabwa kumva kuti ndalama sizidakwane, n'kuyamba kukayikira abale ake kuti adya. Mabanja ena asemphana mawu pa nkhani imene gwero lake ndi kuŵerengera kosakwanira chabe.

Choipa kwambiri ndi nthaŵi imene ntchitoyi imagwiridwa. Ambiri amayamba mvula itayandikira. Chakumapeto kwa chaka ndi pamenenso nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndiye kuti ndalama m'midzi ya asodzi zimakhala zitachepa. Ndi nthaŵi yomweyonso yogula feteleza ndi mbewu. Mvula ikagwa nyumba ili yosafolera, chimanga cha m'matumba chimanyoŵa, zofunda ndi makope a ana zimaonongeka, ndipo khoma la zidina limamwa madzi. Pofuna kupulumutsa nyumba, banja limagulitsa mbuzi motchipa kapena kuthamangira kwa wa katapila. Ngongole yotengedwa mothamanga chotere yalanditsa anthu njinga, maukonde ngakhale minda.

Tsono ndalama zikachepa ntchito ili pakati, chimene chimadulidwa n'chiyani? Palibe amene amachepetsa zooneka. Zimene zimachepetsedwa ndi zobisika. Mathirasi amatalikitsidwa. Mapaso amachepetsedwa. Pamene pamafunika misomali inayi pamakhomedwa iŵiri. Waya womangirira denga kukhoma amasiyidwa, m'malo mwake pamwamba pamaikidwa miyala. Malata otsala amagulidwa a geji yopyapyala. Ambiri sadziŵa kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: la geji 28 ndi lochindikala kuposa la geji 32. Lata lopyapyala limang'ambika pa msomali ndipo silichedwa kuchita dzimbiri.

Zotsatira zake zimaoneka chaka ndi chaka. Dera la kunyanja ndi la mphepo. Kuli mwera wa m'nyengo yozizira, kuli mpoto, ndiponso kuli mkuntho umene umabwera ndi mvula zoyamba. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa nyumba imakoka denga kupita m'mwamba, ndipo ikaloŵa pakhonde kapena pawindo imalikankhanso kuchokera pansi. Malata ndi opepuka, choncho chimene chimawagwira ndi msomali, thabwa ndi waya. Pamene zimenezi zidachepetsedwa, denga lonse limanyamuka ngati chipewa. Anamondwe a zaka zapitazi, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023 ndi Chido mu Disembala 2024, adasiya nyumba, sukulu ndi nyumba zopemphereramo zambiri m'dziko muno zopanda madenga. Lata louluka limapindika osagwiranso ntchito, ndipo likakumana ndi munthu limavulaza kapena kupha kumene. Banja limene lidapulumutsa ndalama ya waya limalipira denga kaŵiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru zopeŵera zimenezi zilipo kale. Chivomezi chitagwedeza boma la Karonga mu Disembala 2009, boma mogwirizana ndi mabungwe lidakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Zimene akatswiri a zomangamanga amalangiza si zapatali: denga limangiriridwe kukhoma ndi waya wodutsa pansi pa mizere ingapo ya njerwa, denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziŵiri, denga lisakhale lathyathyathya, la pakhonde likhale lapadera kuti likanyamuka lisakoke la nyumba, m'mphepete ndi m'makona mukhomedwe misomali yambiri chifukwa ndi mmene mphepo imayambira. Koma malangizoŵa amathera m'maofesi ndi m'misonkhano ya m'mahotela. Kalipentala wa kwa Nankumba kapena kwa Chimwala, amene adaphunzira ntchito kwa amalume ake, sadawaonepo.

Ena anena kuti kuuza munthu wosauka kuti adikire mpaka zonse zitakwana n'kumuseka, pakuti ndalama yosungidwa ikusungunuka ndi kukwera kwa mitengo. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo kugula katundu pang'onopang'ono m'malo mosunga ndalama ndi nzeru. Chofunika n'chakuti zogulidwazo zisakhale malata okha. Misomali, waya ndi mankhwala a chiswe sizionongeka zikasungidwa pouma. Matabwa ogulidwa msanga n'kuyalidwa pamthunzi amauma bwino. Amene ndalama zake n'zochepa angathe kugwirizana ndi mmisiri kuti afolere zipinda ziŵiri molimba chaka chino, zotsalazo chaka chamaŵa. Ndipo kukhala chaka china pansi pa udzu wofoleredwa bwino, wokhala ndi pulasitiki mkati, si chamanyazi. Kuthamanga si kufika.

Choncho banja lofuna kusintha denga liyambe ndi kuitana mmisiri kuti akwere n'kuyang'ana matabwa ndi pamwamba pa khoma lisadagule kanthu. Mndandanda wa katundu yense ulembedwe, mpaka misomali ndi mayendedwe, ndipo uonetsedwe kwa mmisiri wina kuti atsimikize. Safunsa adadya phula. Mgwirizano wa malipiro ulembedwe papepala pamaso pa mboni, unene zimene zidzachitike ngati papezeka ntchito yowonjezera, ndipo ndalama iperekedwe m'magawo malinga ndi ntchito yatheka. Padera pasungidwe ndalama ya zadzidzidzi imene siikhudzidwa mpaka denga litasasulidwa. Ntchito iyambe mu Julaye kapena Ogasiti, thambo lili loyera. Amene ali ku South Africa, asadatumize ndalama, apemphe chithunzi cha mndandandawo pafoni, ndipo adziŵe kuti mitengo kumudzi ikusintha.

Koma mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ya Mangochi, imene ikutumikira anthu oposa 1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, iyenera kutengera malangizo a nyumba zolimba kumidzi, m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, kudzera m'makomiti a chitukuko, mafumu, mizikiti, matchalitchi ndi wailesi za m'deralo. Bungwe la TEVETA lifikire amisiri a kumidzi ndi maphunziro a masiku ochepa a kamangiridwe ka denga, m'malo modikira kuti iwo apite kusukulu za ntchito zamanja. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lizifika m'masitolo a ku Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira kukatsimikiza kuti geji yolembedwa pa lata ndi yoonadi. Eni masitolo nawo azifotokozera ogula kusiyana kwa malata m'malo mongoloza otsika mtengo.

Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, mabungwe othandiza ndi andale amene amathamangira kumidzi mphepo ikasasula madenga, asinthe kaŵerengedwe ka thandizo lawo. Kupereka malata opanda misomali, waya, matabwa ndi mmisiri wodziŵa ntchito n'kusiyira banja losauka gawo lovuta la ntchito. Banjalo lidzakhoma malatawo pa mitengo yomwe ija yodyedwa ndi chiswe, ndipo chaka chamaŵa dzina lake lidzalembedwanso pa mndandanda wa okhudzidwa ndi ngozi. Ndi bwino kufolera nyumba 50 molimba kusiyana ndi kugaŵa malata kwa mabanja 100 n'kujambulitsa zithunzi.

Malata amene aunjikidwa kuchipinda angathe kudikira mwezi wina osaonongeka. Nyumba yosasulidwa siingadikire ngakhale sabata imodzi mvula ikayamba. N'chifukwa chake kuŵerengera konse kuyenera kuchitika udzu ukadali padenga, pamene mwini nyumba akadali ndi ufulu wonena kuti ayambe chaka chino kapena adikire kaye.